Momwe GM angakonzere zolemba za encounter zogwiradi ntchito pa tebulo

Mukavomera kukhala GM (game master, woyendetsa nkhani ndi adani m'masewera) wa gulu lanu, ntchito yaikulu mumaigwira masiku awiri kapena atatu masewera asanafike, muli nokha ndi kope ndi pensulo. M'masewera ngati Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974, kapena Pathfinder ya kampani ya Paizo yomwe inabwera mu 2009, nkhani imayenda kuchoka pa encounter ina kupita pa inzake. Encounter ndi pamene ngwazi za osewera zakumana ndi chinthu chofuna kuti zichitepo kanthu: achifwamba atseka njira, mfumu yakana kulandira alendo, mtsinje wasefukira.

Zolemba za encounter si nkhani yoti mukawerengere anthu ayi. Ndi zoti diso lanu ligwerepo kamphindi n'kupeza yankho, pamene anthu anayi akukuyang'anani, wina akufunsa funso, wina waponya kale dayisi musanamuuze. Phala likayamba kuwira si nthawi yofunafuna mthiko. Manambala onse m'munsimu ndi a malamulo a D&D a 2014, omwe gawo lake loyambira limapezeka laulere pa intaneti, koma kalembedweka kamagwira ntchito pa masewera ena aliwonse a mtunduwu.

1. Kope ndi lamulo la tsamba limodzi

Pezani kope la hadikava la A4, kakope ka masamu ka timabokosi kaja ana asukulu amalembamo, ndi pepala la manila limodzi kapena awiri. Zonsezi zilipo m'mashopu ogulitsa zolembera ku Old Town. Lembani ndi pensulo chifukwa manambala muzisintha. Mabuku a malamulo akhale pa foni kapena pa laputopu, koma zolemba za tsikulo zikhale papepala. Magetsi akazima masewera ali mkati, tochi imodzi ikukwanirani, komanso papepala sipalowa mauthenga a WhatsApp okuchotsani chidwi.

Encounter imodzi, tsamba limodzi. Ikasefukira kutsamba lachiwiri ndiye kuti mwalemba zina zosafunika, kapena mwaphatikiza ma encounter awiri oyenera kusiyanitsidwa.

2. Chiganizo choyamba: akufuna chiyani, nanga bwanji lero?

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho musathamangepo. Musanatsegule buku la zilombo, lembani pamwamba pa tsamba chiganizo chimodzi chonena amene ngwazi zikumane naye, chimene iye akufuna, ndi chifukwa chimene nkhaniyo singadikire mawa.

Ambiri oyamba kumene amangolemba kuti "achifwamba 5 padoko" n'kudumphira ku manambala. Vuto limaonekera wosewera wina akanena kuti, "Achimwene, ine ndikufuna ndilankhule nawo kaye anthuwa." Papepala palibe yankho, GM amasowa chonena, ndiye amangolamula kuti nkhondo iyambe. Zikachitika kawiri katatu, osewera amaona kuti kulankhula n'kutaya nthawi, ndipo masewera onse amasanduka kuponya madayisi basi. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa kukoma kwa masewerawa kuli poti wosewera angayese chilichonse chomwe chamubwerera m'mutu.

Tiyende ndi chitsanzo ichi. Ngwazi zinayi za level 3 (mlingo wa mphamvu zawo) zanyamula thumba la mankhwala kupita kumudzi wa tsidya lina la mtsinje komwe kwagwa matenda. Chiganizo chathu n'chakuti: "Mkulu wa achifwamba ndi anyamata ake anayi alanda doko, akufuna thumba la mankhwala chifukwa wamalonda wina wawalonjeza matumba 10 a chimanga, mtsinje ukudzaza, posachedwa kuwoloka kukhala kosatheka."

Taonani zomwe chiganizo chimodzichi chakupatsani. Anthuwa sakufuna kupha munthu, akufuna thumba, ndipo akalipeza aliyatsa liwiro. Ali ndi njala, kotero chakudya chingawasinthe maganizo. Kuseri kuli munthu wachitatu amene nkhani ingamutsate sabata yamawa. Mtsinje nawo sukudikira aliyense. Mafunso ambiri omwe osewera angakuponyereni mudzawayankha pongoyang'ananso mzere wapamwambawu. Ngati chiganizocho chikukanika kulembeka, encounter-yo sinapse, musapitirire ku manambala.

3. Malo: zitatu zoona, zitatu zogwira

Lembani zinthu zitatu zokha zomwe munthu angaone, kumva kapena kununkhiza atangofika. Zikhale m'mawu aafupi, osati ndime: madzi ofiira okokolola zinyalala za kumtunda, fungo la nsomba zowamba, agogo apabwato ali duu, sakuyang'ana alendo kumaso. Pa tebulo muzilumikiza nokha ndi pakamwa panu. GM akaweramira pepala n'kumawerenga ndime yaitali, anthu amayamba kugwiragwira mafoni. Chachitatucho ndachiyikapo dala ngati chenjezo, kuti wosewera watcheru afunse chomwe chawakhalitsa chete agogowo.

Palibe chifukwa chovutikira kupeka malo. Mtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi mu Januwale mvula itagwa kumtunda, aliyense pa tebulo akuudziwa mtundu wake ndi mkokomo wake. Nkhalango ya Dzalanyama, phiri la Nkhoma, thanthwe la Bunda: tengani maonekedwe, sinthani dzina, mwapeza dziko lomwe osewera aliwona m'maganizo musanamalize kulifotokoza.

Kenako lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zoti munthu angagwiritse ntchito, chilichonse ndi lamulo lake pambali. Matope a m'mphepete mwa madzi ndi difficult terrain, kutanthauza kuti bokosi lililonse limawerengedwa kawiri poyenda. Bwato lakale lovundikira pamchenga limapereka half cover, +2 pa AC (nambala yoti womenya aifikire kuti amulase) ya wobisalako. Chithandala chowambira nsomba chili ndi makala amoto pansi. Wina akachigwetsera pa mnzake, mnzakeyo aponye Dexterity save (dayisi yozembera ngozi) ya DC 12 (nambala yoti aifikire), akalephera apsa ndi 1d6 (dayisi imodzi ya mbali 6) ya moto. Malo opanda zoterezi amapangitsa kuti anthu angoyima pamodzi n'kumasinthana zikwanje mpaka wina agwe.

Mapu ajambuleni kaye m'kakope ka masamu, bokosi limodzi kuyimira mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mukakhutira, akopereni pa manila m'mabokosi a inchi imodzi. Tizidole ta masewerawa n'tovuta kupeza kuno, koma zitsekerero za mabotolo zimagwira ntchito bwino m'malo mwake. Zilembeni manambala ndi maka: 1, 2, 3, 4 achifwamba, M mkulu wawo.

4. Manambala, koma okhawo ogwiritsidwa ntchito

Musakopere stat block yonse, bokosi lija la manambala a mdani m'buku. Pa mdani aliyense mufunika mzere umodzi kapena iwiri: AC, HP (kuchuluka kwa moyo wake), liwiro, nambala yowonjezera pomenya, kuchuluka kwa damage, ndi luso limodzi lomwe mungaliyiwale. Lembaninso nambala ya tsamba la m'buku kuti zina zikafunika musasanthule buku lonse.

Wachifwamba wamba m'malamulo a 2014 ali ndi AC 12, HP 11, amamenya ndi +3, ndipo CR yake (muyeso wa kuopsa kwake) ndi 1/8, XP (mapointi omwe osewera amapeza akamugonjetsa) 25. Mkulu wawo, bandit captain, ali ndi AC 15, HP 65, amamenya katatu pa raundi (chigawo cha nkhondo chomwe aliyense amachitamo kamodzi) ndi +5, CR 2, XP 450. M'buku achifwamba wamba anyamula scimitar ndi crossbow, mkulu wawo scimitar ndi dagger. Inu mutha kuwapatsa chikwanje ndi uta popanda kusintha nambala ngakhale imodzi. Ng'ona ili ndi AC 12, HP 19, imaluma ndi +4, ndipo ikaluma imagwira munthu osamusiya mpaka atapambana DC 12.

Tsopano muyeze kulemera kwa nkhondoyo. Pa level 3, malire a ngwazi imodzi ndi XP 75 yosavuta, 150 yapakati, 225 yovuta, 400 yoti wina angafe. Kwa ngwazi zinayi ndiye 300, 600, 900 ndi 1,600. Phatikizani XP ya adani: 450 kuwonjezera 25 kanayi, 550. Poti adaniwo ndi asanu, chulukitsani kawiri, chifukwa malamulowo amati adani awiri muchulukitse ndi 1.5, atatu mpaka 6 muchulukitse ndi 2, ndipo 7 mpaka 10 ndi 2.5. Tapeza 1,100, yomwe yapitirira 900 koma sinafike 1,600: nkhondo yovuta. XP yogawira osewera ikhalabe 550, kuchulukitsako n'koyezera chabe. Ng'ona sindinaiwerengere poti iyo imaluma aliyense wogwera m'madzi, wachifwamba kapena ngwazi. Ngati gulu lanu likutsatira malamulo atsopano a 2024, kuchulukitsaku anakuchotsa ndipo manambala a zilombo zina anasintha, choncho onetsetsani kuti zonse mukuzitenga m'mabuku a chaka chimodzi.

Masamuwa ndi poyambira chabe. Chomwe chimapha ngwazi kawirikawiri ndi kuchuluka kwa mikwingwirima pa raundi imodzi: apa mkulu amamenya katatu, anyamata kanayi, zonse 7. Zikalunjika pa wizard (ngwazi yamatsenga) wa level 3, amene HP yake nthawi zambiri siposa 20, agwa asanalankhule n'komwe. Yang'anani zimenezo musanakhutire ndi nambala ya XP.

Zinthu zitatu zazing'ono zimapulumutsa nthawi yambiri. Ponyerani adani initiative, dayisi yosankha woyamba kuchita pankhondo, muli kunyumba n'kulemba. Achifwamba onse anayi agawane nambala imodzi. Gwiritsani ntchito damage yapakatikati yolembedwa m'buku, monga 6 m'malo moponya 1d6+3 nthawi zonse. Ndipo siyani mpata pambali pa mdani aliyense wolembamo HP. Ine ndimakonda kuphatikiza damage kukwera m'mwamba mpaka ifike pa HP yake, chifukwa kuphatikiza kumafulumira kusiyana ndi kuchotsera mutu uli ndi zambiri.

5. Khalidwe la adani

Mizere itatu ikukwanira: ayamba bwanji, asintha liti, athawa liti.

Padoko pathu, awiri a mauta abisala m'mabango, awiri aima ndi mkulu wawo pafupi ndi bwato, ndipo mkuluyo ayamba ndi mawu: "Siyani thumbalo pansi, bwererani komwe mwachokera, palibe amene avulale." Mawu oyamba a mdani alembeni ndithu momwe adzawanenere, chifukwa ndi amene amakupatsani liwu lake. Nkhondo ikabuka, onse alimbana ndi wonyamula thumba. Anyamata awiri akagwa, otsalawo athawira m'mabango. Mkulu akafika pa HP 32, theka la mphamvu zake, apempha kukambirana, kapena ngati thumba lili m'manja mwake adumphira m'bwato.

Mzere wa kuthawawu musausiye. Munthu wobera njala safera matumba 10 a chimanga. Komanso nkhondo yomenyedwa mpaka mdani womaliza atafa imatopetsa, poti maraundi omalizawo aliyense amakhala atadziwa kale wopambana.

Onjezani chinthu chimodzi chosintha zinthu pakati. Kwa ife ndi mtsinje: kumapeto kwa raundi iliyonse madzi akwera bokosi limodzi, pa raundi 3 ng'ona ifika, ikatha raundi 5 kuwoloka kufuna Athletics (luso la nyonga za thupi) ya DC 15. Jambulani timabokosi 5 m'mphepete mwa tsamba kuti muzichonga. Raundi imodzi ndi masekondi 6 okha m'nkhani, choncho uzani osewera kuti chigumula chachokera kumtunda mwadzidzidzi, kuti kukwera kwa madziko kumveke.

6. Njira zina zosakhala nkhondo

Simungalosere zonse zomwe osewera angachite, ndipo musayese n'komwe. Lembani ziwiri kapena zitatu zoonekeratu ndi DC yake. M'malamulo, 10 ndi yosavuta, 15 yapakati, 20 yovuta. Kuona obisala m'mabango: Perception 13. Kunyengerera mkulu ndi chakudya kapena ndalama: Persuasion 15, koma itsike pa 10 ngati atchula ana odwala kutsidyako. Kumuopseza: Intimidation 20 anyamata ake akuona, 15 ali yekha. Akabwera ndi nzeru ina yomwe simunaiganize, bwererani ku chiganizo choyamba chija, dzifunseni ngati nzeruyo ikumupatsa mkuluyo chimene akufuna, kenako sankhani pakati pa 10, 15 ndi 20.

Chinsinsi chofunika kuti nkhani ipitirire musachitsekere kuseri kwa dayisi imodzi. Zoti kuli wamalonda wotuma achifwambawa zidziwike m'njira zingapo: mkulu angaulule, agogo apabwato anamuona dzulo madzulo, ndipo thumba lopanda kanthu lomwe anyamata akhalira lili ndi chizindikiro cha sitolo yake. Osewera akaphonya ziwiri, chachitatu achipeza.

Pansi pa tsamba sungani mayina anayi kapena asanu osagwiritsidwa ntchito. Wosewera adzafunsa dzina la munthu amene inu mumamuyesa wongodutsa. Ziwongo zimathandiza msanga: aPhiri, aNabanda, aMwale, aNankhoma. Mukagwiritsa ntchito limodzi, lembani pambali kuti mwapatsa ndani.

7. Zikatha, chitsatire n'chiyani?

Mzere umodzi pa chilichonse: akapambana, akagonja, akazemba osamenyana. Wa kugonjawo ndiwo ambiri amauyiwala, n'chifukwa chake madayisi akavuta GM amayamba kunama manambala kuti apulumutse gulu. Mukalemberatu kuti "akagonja, achifwamba atenga thumba, agogo awatsitsimutsa, mapazi alowera kumsika," kugonja kumangotsegula mutu wina wa nkhani, ndipo inu mumaponya madayisi poyera mtima uli m'malo. Lembaninso zomwe apeze: ndalama zingati, chida chanji, XP ingati aliyense.

8. Kakadi ka osewera anu

Dulani kachidutswa ka manila, lembanipo dzina la ngwazi iliyonse, AC, passive Perception (kuona kwake popanda kuponya dayisi) ndi spell save DC (DC yozembera matsenga ake), n'kukapanikiza pakope ndi kilipu. Simuzifunsanso kuti "AC yanu ndi chani?" raundi iliyonse. Ndiyeno yang'anani tsamba lanu ndi kakadiko pambali, muone ngati aliyense ali ndi pomwe angawalire. Rogue (wozemba) ali ndi mabango ozemberamo, fighter (wankhondo) ali ndi mkulu wolimbana naye, cleric (wansembe) ali ndi agogo oti awateteze. Wina akasowa chochita, onjezanipo kanthu kamodzi ka iyeyo.

Pali nkhani ina yofunika kuisamala kwathu kuno. Pa tebulo limodzi pamakhala anthu a mipingo yosiyana ndi a miyambo yosiyana. Nkhani za ufiti, za maliro kapena za matenda ena kwa wina ndi nthano, kwa wina ndi zomwe zinachitika kwawo chaka chatha. Funsani gulu musanalembe encounter yotere, makamaka aliyense payekha pa foni, poti pagulu munthu amachita manyazi kukana. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi mwambo wamoyo wa anthu omwe mwina mwakhala nawo pa tebulo pomwepo. Ine ndikuti musamusandutse chilombo choti ngwazi ziphe. Fisi, ng'ona, njoka ndi achifwamba alipo okwanira.

9. Nthawi

Nkhondo ya maraundi anayi ndi osewera anayi imatha kudya mphindi 40 kufika ola lathunthu. Ngati mumakumana Loweruka 2 koloko masana, ndipo wina ayenera kukwera minibasi yobwerera ku Area 25 kapena ku Chinsapo kusanade, konzani ma encounter atatu kapena anayi, nkhondo zisapose ziwiri. Ikani nyenyezi pa yomwe singasiyidwe, ndi mtanda pa yomwe mungaidumphe nthawi ikathina. Yodumphidwayo musaing'ambe, idzagwira ntchito tsiku lina mutasintha malo ndi mayina.

10. Tsamba lomalizidwa

DOKO (level 3, yovuta, XP 550)
Mkulu ndi anyamata 4 akufuna thumba la mankhwala, alonjezedwa matumba 10 a chimanga, mtsinje ukudzaza.
Zoona: madzi ofiira, fungo la nsomba, agogo ali duu.
Zogwira: matope (kuyenda kawiri), bwato lakale (+2 AC), makala (Dex 12, 1d6).
Mkulu: init (initiative) 14, AC 15, HP 65, +5 katatu (6, 6, 5), Parry (kutchinga chida cha mdani) +2 AC.
Anyamata 1 mpaka 4: init 9, AC 12, HP 11, +3 chikwanje 4, uta 5.
Ng'ona, raundi 3: init 7, AC 12, HP 19, +4 kuluma 7, kumasuka DC 12.
"Siyani thumbalo pansi, bwererani komwe mwachokera."
Awiri akagwa, ena athawa. Mkulu pa HP 32 akambirana.
Madzi: raundi 1, 2, 3, 4, 5, kenako Athletics 15.
Perception 13. Persuasion 15 kapena 10. Intimidation 20 kapena 15.
Wamalonda: mkulu, agogo, chizindikiro pathumba.
Akapambana awoloka. Akagonja, mapazi kumsika. Akakambirana, mkulu akhala ndi ngongole kwa iwo.

Muliyese chonchi usiku woti mawa masewera: tsekani kope, dzifunseni AC ya mkulu kapena raundi yomwe ng'ona ifike, tsegulani. Mukatenga nthawi kusakasaka, sunthani mzerewo kapena uzungulizeni ndi cholembera chofiira.

11. Anthu akangotuluka

Musanatsuke makapu, khalani pansi mphindi 10 ndi tsamba lomwelo. Lembani kuseri kwake amene wafa, amene wathawa, lonjezo lililonse lomwe ngwazi zapereka, dzina lomwe mwapeka mwadzidzidzi, ndi maraundi omwe nkhondo yatenga. Ngati yatha m'maraundi awiri pamene masamu amati ndi yovuta, gulu lanu ndi lamphamvu kuposa manambala a m'buku, ndiye ulendo wina onjezani mdani mmodzi kapena awiri m'malo mokweza HP ya mkulu. Ngati wachifwamba nambala 3 wathawa ndi bala paphewa, mulembeni pamwamba pa tsamba lotsatira, mumupatse dzina limodzi mwa otsala aja, ndipo muyambe chiganizo chake: akufuna chiyani tsopano, nanga apita kukauza ndani.